Funso la Mfumu Lear ndi Anthu Amene Amalipira Matama a Atsogoleri

Pa mafunso onse amene munthu waudindo angafunse anthu ake, loopsa kwambiri ndi lakuti kodi mumandikonda motani. Likafunsidwa ndi agogo pakhonde, ndi funso lokoma, adzukulu amaseka n'kutambasula manja. Koma likatuluka pakamwa pa munthu amene m'manja mwake muli minda, maudindo ndi makiyi a ndende, aliyense womuzungulira amangotsala ndi njira ziwiri, kunama kapena kusanduka mdani. William Shakespeare anamanga sewero lonse la King Lear pa funso limeneli cha m'ma 1606, ndipo nthawi iliyonse ndikamaliwerenga ndimaona kuti likufotokoza bwino ndale za m'zaka zathu zino kuposa nkhani zambiri za m'nyuzipepala.

Seweroli likuyamba mfumu itakalamba, zaka zitapitirira 80. Yatopa ndi ntchito yolamulira ndipo ikufuna kugawira ana ake aakazi atatu dziko. Mapu abwera, ayalidwa pamaso pa nduna zonse. Ukawerenga mosamala umapeza kuti magawo anali atadulidwa kale, mfumu inkadziwa kale chomwe aliyense alandire. Komabe ikuti aliyense ayambe waima pagulu n'kunena kukula kwa chikondi chake. Goneril akuti amawakonda bambo ake kuposa maso ake, kuposa ufulu, mofanana ndi moyo womwe. Regan akuti mkulu wakeyo wanena zoona koma waperewera, iye alibe chimwemwe china chilichonse padziko koma bambo akewo. Kenaka Cordelia, wamng'ono, yemwenso mfumu inkamukonda kwambiri, akuti amawakonda monga mwana ayenera kukondera kholo lake, osapitirira apo, osachepera apo. Akufunsanso funso limene munthu aliyense wanzeru m'chipindamo anali nalo mumtima: ngati achemwali angawa chikondi chawo chonse chili pa bambo, nanga anakwatiwiranji?

Mfumu ikupsa mtima, ikumulanda gawo lake ndi kumukana kuti si mwana wakenso. Kent, nduna yomwe yatumikira mokhulupirika zaka zambiri, akuimirira n'kuuza mbuye wake maso ndi maso kuti akulakwitsa. Nayenso akupirikitsidwa m'dziko. Pasanathe mphindi zochepa, anthu awiri okha amene ankanena zoona achotsedwa, ndipo dziko lagwera m'manja mwa osyasyalika.

Pali malo ena m'seweroli amene amandiwawa kuposa onse. Lear anadzisungira asilikali 100 oti aziyenda naye. Goneril atatopa nawo akuti achepetsedwe akhale 50. Mfumu ikuthawira kwa Regan, iye akuti 25 akwana. Pamenepo nkhalambayo ikutembenukiranso kwa Goneril n'kunena kuti ibwerera kwa iye, popeza 50 ndi kuwirikiza kawiri 25, ndiye kuti chikondi chakenso ndi chowirikiza kawiri. Munthu wafika powerengera chikondi ndi mitu ya anthu omuperekeza. Ndikaona atsogoleri athu akukangana za amene anadzaza bwalo pa msonkhano, zithunzi za khamu zikuponyedwa pa Facebook ngati umboni woti dziko likuwakonda, pomwe aliyense akudziwa kuti malole ndiwo anatuta anthuwo, masamu ake ndi omwewa.

Ife kuno tinali nalo tsiku lathu la mapu. Dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, pasanathe miyezi iwiri, nduna zinapita kwa Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe panthawiyo anali nduna yaikulu, ndi madandaulo awo. Sizinkagwirizana ndi ndalama ya tiki yomwe odwala anayamba kulipitsidwa m'zipatala, kuchedwa kopereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique, komanso khalidwe lowatchula pagulu kuti anyamata ake. Awa sanali adani. Ena mwa iwo, monga Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, ndiwo anamuitana kuti abwerere kumudzi mu 1958 ndi kumukweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi. Pa 7 September 1964 Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa, ndipo Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, Chipembere n'kuwatsatira pa 9 September. Pa 8 September Nyumba ya Malamulo inakumana ku Zomba kuti ionetse ngati ili ndi chikhulupiriro mwa mtsogoleriyo, ndipo aphungu ambiri anaimirira mmodzimmodzi kulumbira kukhulupirika kwawo. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kukhalitsa pampando anadziwa mawu oyenera kutuluka pakamwa pake. Mu 1971 Kamuzu anakhala mtsogoleri wamuyaya.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti Kamuzu sanali munthu wosawerenga. Ankakonda mabuku akale a Agiriki ndi Aroma mpaka anamanga sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, yomwe inatsegulidwa mu 1981, ndipo Chilatini ndi Chigiriki anali maphunziro okakamiza. Mabuku amenewo adzaza ndi nkhani za mafumu ogwa chifukwa cha kudzikuza. Iye ankawadziwa bwino kuposa ambiri a ife. Sindikunena izi pofuna kufafaniza misewu, yunivesite ndi likulu la Lilongwe zomwe zinamangidwa m'nthawi yake. Ndikungoona kuti munthu angathe kuloweza nkhani ya mfumu yodzikuza n'kumaiona ngati ikunena za ena. Mu 1987 boma lomwelo lokonda maphunzirolo linatsekera ku Mikuyu mlakatuli Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, ndipo anakhalako mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse.

Kudzikuza kwa munthu wamphamvu kuli ndi khalidwe lina lomwe buku la Estere m'Baibulo limalionetsa mosabisa. Hamani anali wachiwiri kwa mfumu Ahaswero mu ufumu wa zigawo 127. Aliyense pachipata ankamugwadira, kupatula munthu mmodzi, Moredekai. Tsiku lina Hamani akuitana abwenzi ake ndi mkazi wake Zeresi, akuwawerengera chuma chake, ana ake, ulemu womwe mfumu yamupatsa, ndi kuti mfumukazi yamuitana iye yekha kuphwando pamodzi ndi mfumu. Atatha zonsezo akuti palibe chomwe chikumupindulira malinga ngati akuonabe Moredekai atakhala pachipata. Anthu zikwizikwi ogwada sakumukhutitsa, woima mmodzi akumusowetsa tulo. Ndipo anaona kuti kupha Moredekai yekha n'kochepa, koma awononge Ayuda onse mu ufumuwo, mpaka analonjeza matalente 10,000 a siliva kuti chiwembucho chitheke. Kupweteka kwa mtima wa munthu mmodzi kunayenera kulipidwa ndi mtundu wonse.

Tikamamva za atsogoleri amatama, timakonda kuyamba ndi kuseka. Timaseka Saparmurat Niyazov wa ku Turkmenistan, yemwe anaimika fano lake lokutidwa ndi golide mumzinda wa Ashgabat, lomazungulira kutsata dzuwa, ndipo mu 2002 anasintha mayina a miyezi, January n'kukhala dzina lake, April dzina la amayi ake. Timaseka Mobutu Sese Seko yemwe nkhani za pa wailesi ya kanema ku Zaire zinkayamba ndi nkhope yake ikutsika m'mitambo, yemwenso anamanga kwawo ku Gbadolite, m'kati mwa nkhalango, bwalo la ndege lotha kuterapo Concorde. Ine kusekako kumandithera ndikafika pa Jean-Bédel Bokassa wa ku Central African Republic.

Pa 4 December 1977, mumzinda wa Bangui, Bokassa anadziveka yekha chisoti chaufumu, kutengera zomwe Napoleon anachita mu 1804. Mpando wake unali wooneka ngati chiwombankhanga chotambasula mapiko, wokutidwa ndi golide. Akavalo okoka ngolo anachokera ku Ulaya, chisoti chinali cha miyala ya dayamondi, mkanjo unkakhwekhwereka mamita angapo kumbuyo kwake m'dziko lotentha ngati limenelo. Mwambowo unadya pafupifupi madola 20 miliyoni m'dziko lomwe linali m'gulu la osaukitsitsa padziko lapansi, ndipo mafumu ndi apulezidenti omwe anaitanidwa sanabwere. Pasanathe zaka ziwiri, mu January 1979, ana asukulu anayamba kuchita zionetsero pokana lamulo loti agule yunifolomu yodula yomwe phindu lake linkapita kubanja la mfumuyo, pomwe makolo awo ambiri anali asanalandire malipiro. Mu April chaka chomwecho ana ambiri anamangidwa n'kuponyedwa m'ndende ya Ngaragba, ndipo pafupifupi 100 anafa. Uyu ndiye Hamani wopanda Estere womuletsa. Ana ovala zigamba anakana kugwada, ndipo mtima womwe unafuna mpando wa chiwombankhanga ndi womwewo unalephera kupirira kukana kwawo.

Komabe golide ndi akavalo sindiye choopsa chachikulu. Ndalama zobedwa zimawerengeka. Chosawerengeka ndi chimene chimachitika dziko likafika poti palibenso wolimba mtima wouza mtsogoleri uthenga woipa. Mu July 1959, pa msonkhano wa chipani ku Lushan m'dziko la China, nduna ya zachitetezo Peng Dehuai analembera Mao Zedong kalata yapambali, yaulemu, yonena kuti ndondomeko yofulumizitsa chitukuko ikuvuta ndipo ziwerengero za zokolola zikukokomezedwa. Iye anali atayendera midzi ya kwawo ku Hunan n'kudzionera yekha. Mao anagawira kalatayo onse a pamsonkhano, Peng anatchedwa woukira ndipo anachotsedwa. Akuluakulu a m'maboma anatolapo phunziro. Aliyense anapitiriza kulemba kuti kwawo akolola zochuluka, boma linatenga gawo lake potengera mabodzawo, ndipo alimi anatsala ndi nkhokwe zopanda kanthu. Pofika 1961 anthu mamiliyoni makumi angapo anali atafa ndi njala. Mtsogoleri wothamangitsa Kent wake ali ngati mlimi wophwanya sikelo chifukwa yamuuza kuti chimanga chachepa. Matumba sachuluka, koma tsopano palibenso njira yodziwira kuti njala ifika liti.

Akuluakulu athu amakumbukira maulendo oyendera mbewu omwe Kamuzu ankachita chaka ndi chaka nyengo ya dzinja. Minda yomwe ankaimamo inali yosankhidwa, yothiridwa feteleza mokwanira, chimanga chake chobiriwira bii. Akatuluka m'mundamo ankauza dziko kuti anthu ake ndi okhuta, ovala bwino, ogona m'nyumba zosadontha. Amayi anga anavinapo nawo m'magulu a mbumba, atavala nsalu ya nkhope yake. Amandiuza kuti ankasiya ntchito yakumunda, nthawi zina mwana akudwala, n'kukwera lole m'bandakucha, kukakhala padzuwa tsiku lonse kudikira kuti avine mphindi zochepa. Kukana kunalibe, monganso kunalibe kulowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi lachipani. Ndikawafunsa ngati ankamukonda, amati ena ankamukondadi ndi mtima wonse, ena ankangoopa, ndipo pabwalo panalibe wotha kusiyanitsa, ngakhale mwini wakeyo. Apa ndiye pagona tsoka la wofunsa funso la Lear: yankho likakakamizidwa, ngakhale chikondi chenicheni sichingadziwikenso.

Pali pomwe mabuku ndi moyo zimasiyana, ndipo kusiyanako kumandipweteka. M'mabuku wodzikuza amalipira ndi thupi lake. Hamani anapachikidwa pamtengo wa mikono 50 womwe anakonzera Moredekai. Narcissus wa m'ndakatulo za Ovid anafota yekha pambali pa dziwe akuyang'ana nkhope yake, osavulaza dziko. Lear anatsekeredwa kunja usiku wa mkuntho, mvula ikumukuntha, ndipo m'menemo ndimo anayamba kuganizira amphawi osowa pogona ndi chofunda, n'kuvomera kuti ali pampando sanawalabadire. Pambuyo pake ananena kuti anthu ankamunamiza pomuuza kuti iye ndi zonse, popeza malungo amamugwira ngati wina aliyense. Wolemba anamuvula ufumu kuti amve kuzizira komwe anthu ake ankamva masiku onse.

Boma lamakono linapangidwa mwanjira yoti mtsogoleri mvula isamugwe. Magetsi akazima kwa iye jenereta imalira yokha. Akadwala ndege imamutengera kunja. Akamadutsa msewu umatsekedwa, ndiye sadziwa kutalika kwa mzere wa pa filing'i siteshoni. Bokassa atagwetsedwa mu September 1979 anakakhala kunja, mpaka m'nyumba yake yachifumu pafupi ndi Paris. Atabwerera kwawo anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1987, chilango chinachepetsedwa, anatulutsidwa mu 1993, n'kumwalira ali mfulu mu 1996. Niyazov anafa ali pampando mu 2006. Mao chimodzimodzi mu 1976, Peng atafa kale m'mazunzo mu 1974.

Mmodzi amene dziko linamuona akulowa mumkuntho maso ali gwa ndi Nicolae Ceaușescu wa ku Romania. Anagwetsa gawo lalikulu la mzinda wakale wa Bucharest, anthu zikwi makumi angapo n'kusamutsidwa, kuti amange chinyumba chomwe chili m'gulu la nyumba zikuluzikulu padziko, pomwe anthu ankalandira chakudya mwa muyeso ndi kugona m'nyumba zozizira. Pa 21 December 1989 anaima pakhonde kulankhula kwa khamu lomwe linatutidwa m'mafakitale monga mwa nthawi zonse. Patapita mphindi zochepa, kumbuyo kwa khamulo kunayamba phokoso ndi kukuwiza. Kanema wa tsikulo alipo. Mawu akumuthera pakamwa, dzanja lili m'mwamba, nkhope ikuonetsa munthu amene sakumvetsa chomwe makutu ake akumva. Sanali kunamizira. Zaka 24 za kuwomberedwa m'manja zinamukhulupiritsadi kuti amakondedwa. Anayesa kulonjeza kukweza malipiro, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Pa 25 December iye ndi mkazi wake Elena anawomberedwa.

Tisaganize kuti matendawa anatha ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Bingu wa Mutharika anayamba bwino, makuponi a feteleza anabweretsa chimanga, ndipo mu 2009 anapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse. Kenaka mayina aulemu anachuluka, ndege ya pulezidenti inagulidwa, mbendera inasinthidwa mu 2010 ati poti dziko latukuka. Mu April 2011 kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, anapirikitsidwa kalata yake yachinsinsi itaululika, momwe ananena kuti mtsogoleriyo sakufunanso kudzudzulidwa. Thandizo linaima, mafuta ndi ndalama zakunja zinasowa, ndipo pa zionetsero zomwe zinayamba pa 20 July 2011 anthu 20 anaphedwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, timatero, koma pampando paja wotsina khutu amaoneka ngati wofuna kulanda ufumu.

Sindingamalize bwino nkhaniyi ndikapanda kunena za Goneril ndi Regan, chifukwa ambiri a ife tili pafupi ndi iwo kuposa ndi Cordelia. Iwo sanapusitsidwe. Atangotuluka m'chipinda cha mapu, anayamba kunong'onezana kuti bambo awo nzeru zawathera. Ankadziwa zoona, koma anaona kuti bodza lili ndi malipiro. Hans Christian Andersen, m'nthano yake ya 1837 ya mfumu yomwe inayenda maliseche poganiza kuti yavala, anaika chinsinsi chonse pamalo amodzi: akathyali odzitcha owomba nsalu ananena kuti nsalu yawo saiona munthu wopusa kapena wosayenera udindo wake. Ndiye nduna yokalamba, yokhulupirika, itapita kukaona n'kupeza palibe kanthu, inaganiza za ntchito yake, n'kuyamikira maluwa a nsalu. Aliyense ananama poteteza mphika wa kunyumba kwake. Mwana wina atafuula kuti mfumu ili maliseche, mfumu inazindikira kuti anthu akunena zoona, komabe inapitiriza ulendo, ndipo anyamata ake anapitiriza kunyamula mkanjo womwe panalibe.

Amayi ovina chifukwa cha mantha sindiwaweruza, ndipo mlembi wa m'boma yemwe ali ndi ana asanu pasukulu ndimamumvetsa akakhala chete. Amene amandikwiyitsa ndi atidyenawo ophunzira bwino, omwe boma lililonse likalowa amapezeka kutsogolo atasintha mtundu wa nsalu, akuuza bwana watsopano mawu omwewo omwe ankauza wakale. Iwowa ndiwo amapanga mfumu yodzikuza kuchokera mwa munthu yemwe mwina anabwera ndi mtima wabwino. Fumbi ndiwe mwini, inde, koma palibe munthu amene angadzitame yekha zaka makumi atatu popanda gulu lomuyankhira.

Kwathu kuno, mawu a Cordelia anadzamveka pa 8 March 1992, pomwe kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inalibe chipongwe. Inangonena zomwe aliyense ankadziwa, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za zipatala ndi sukulu zoperewera, za anthu omangidwa popanda mlandu ndi mantha olankhula. Boma linaitcha youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, koma pa 14 June 1993 anthu pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse anasankha zipani zambiri. Kamuzu anavomera kugonja pa chisankho cha 1994, ndipo pa ichi ndimamulemekeza, popeza ambiri a msinkhu wake sanatero. Mu January 1996, khoti litamupeza wosalakwa pa mlandu wa imfa za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga omwe anaphedwa ku Mwanza mu May 1983, anatulutsa uthenga wopepesa kwa onse amene anazunzika m'nthawi yake. Koma uthengawo unatsamira pa anthu omwe ankagwira ntchito m'boma lake kapena kugwiritsa ntchito dzina lake molakwika. Lear atakumananso ndi Cordelia anagwada, nadzitcha nkhalamba yopusa, nanena kuti mwana wakeyo ali ndi chifukwa chomudera.

Ngakhale m'seweromo kulapako kunabwera mochedwa, pakuti Cordelia anapachikidwa m'ndende bambo ake asanamupulumutse. Orton Chirwa, yemwe anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 n'kusiyira Kamuzu utsogoleri wake, anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu December 1981. Khoti la mafumu linawagamula kuti aphedwe mu 1983, chilangocho n'kusinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Anasungidwa m'ndende imodzi ya Zomba koma osaonana kwa zaka zisanu ndi zitatu, mpaka mu September 1992 pomwe maloya ochokera ku Britain anabwera kudzawayendera. Orton anamwalira m'ndendemo pa 20 October 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu January 1993.